Mapiri awiri amene anandinamiza: kuwerenga chithunzi cha beam pa kompyuta

Tsiku lina Lachitatu masana, pa kalabu yathu ya sayansi, ndinachita manyazi pamaso pa ophunzira anga. Ndinali nditalemba kapulogalamu pa laputopu kotsanzira gulu la mapulotoni akuyenda m'paipi, ndipo ndinkafuna kuwaonetsa mmene gululo limaonekera likafika kumapeto kwa paipiyo. Nditadina batani, pa sikirini panatuluka gilafu ya mapiri awiri, pakati pake pali kachigwa. Mtsikana wina wa Fomu 4 anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti mapulotoniwo agawikana magulu awiri?" Ine osayamba ndaganiza, ndinavomera, mpaka ndinayamba kufotokoza kuti zatero chifukwa mapulotoni amakankhana okhaokha.

Mnyamata wina kumbuyo anapempha kuti tidinenso. Tinadina, mapiri awiri aja osaonekanso. Panabwera phiri limodzi lopendekera kumanja. Tinadina kachitatu, panatuluka timapiri titatu. Onse anafa nalo phwete. Zoona zake n'zakuti m'pulogalamu yangayo munalibe ngakhale mzere umodzi wonena za kukankhana kwa mapulotoni. Ndinali nditangoikamo mapulotoni 200 okha, basi, ndipo mapiriwo anabwera mwamwayi chabe.

Phunziro la lero labadwa pa manyazi amenewo. Chithunzi chimene kompyuta imatulutsa si chithunzi ngati cha kamera. Ndi chiwerengero chojambulidwa, ndipo musanachikhulupirire muyenera kufunsa kuti chawerengedwa bwanji.

Kodi beam ndi chiyani?

M'kalasi mwaphunzira kale kuti elekitironi ili ndi chaji ya negativu ndipo pulotoni ili ndi chaji ya pozitivu. Tinthu ta chaji timeneti tikasonkhanitsidwa n'kuthamangitsidwa tonse kulowera mbali imodzi, m'paipi yochotsedwamo mpweya, asayansi amati apanga beam. Ganizirani madzi otuluka m'payipi yothirira dimba: onse akupita kutsogolo, koma madontho ena ali pakati, ena m'mphepete, ndipo akamapita patali amamwazikana.

Beam si chinthu chachilendo. Mu 1897, J.J. Thomson ku Cambridge anagwiritsa ntchito beam ya mu chubu cha galasi potulukira elekitironi. Ma TV akale a chimsana chachikulu aja ankajambula chithunzi ndi beam ya maelekitironi yomenya kuseri kwa galasi. Masiku ano beam zamphamvu kwambiri zili ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, mu makina otchedwa Large Hadron Collider, mwachidule LHC. Makinawa ndi ozungulira, makilomita 27, ndipo ali pansi pa nthaka pafupifupi mamita 100. Ku Africa kuno, labu ya iThemba LABS pafupi ndi Cape Town ili ndi makina othamangitsa mapulotoni mpaka mphamvu ya 200 MeV.

Vuto n'lakuti beam simungaione ndi maso, ndipo makina ake ndi odula kwambiri moti simungamange kaye n'kuona pambuyo ngati agwira. N'chifukwa chake akatswiri amayamba aimanga m'kompyuta.

Nanga profile ndi chiyani?

Mukadula nzimbe mopingasa mumaona nkhope yake yozungulira. Tiyerekeze kuti mwadula beam chimodzimodzi, n'kuika pepala pamalo mwadulapo. Pulotoni iliyonse ikamadutsa ikusiya kadontho. Pakapita kanthawi, pepalalo lidzadzaza madontho: ambiri pakati, ochepa m'mbali. Mmene madonthowo afalikira ndiye beam profile. Imayankha mafunso atatu: beam ili pati, ndi yonenepa bwanji, ndipo yaumbika motani.

Mapulogalamu amaonetsa profile m'njira zitatu zodziwika. Yoyamba ndi madontho enieniwo, kadontho kamodzi pa kanthu kamodzi, pa gilafu ya x ndi y. Yachiwiri ndi mapu a mitundu: nkhope ija imagawidwa timabokosi, kompyuta n'kuwerenga madontho a m'kabokosi kalikonse, kenako n'kupaka mtundu wowala pamene achuluka ndi wakuda pamene achepa. Yachitatu ndi histogram yomwe mumaidziwa kale ku masamu: nkhope ija imadulidwa mizere, ndipo kutalika kwa chipilala chilichonse kumasonyeza kuchuluka kwa madontho mu mzere umenewo. Gilafu imene inandinamiza ija inali ya mtundu wachitatuwu.

Kodi kompyuta imachita chiyani kuseri kwa sikirini?

Palibe matsenga apa, ndi malamulo omwewo a m'buku lanu la fizikisi. Pulogalamu imayamba ndi kupatsa kanthu kalikonse malo oyambira ndi kolowera. Manambalawa imawasankha mwamaere, koma motsatira malire amene inu mwaiuza. Njira yogwiritsa ntchito maere imeneyi imatchedwa Monte Carlo, dzina lochokera ku malo otchuka a juga ku Monaco.

Kenako imasuntha kanthu kalikonse pang'onopang'ono. Pa sitepe iliyonse imafunsa kuti: pano pali mphamvu yanji? Ngati pali electric field, mphamvu yake ndi F = qE, ndipo imatha kuwonjezera liwiro. Ngati pali maginito, ndipo kanthuko kakudutsa mopingasa field yake, mphamvu ndi F = qvB. Imeneyi siwonjezera liwiro, imangokhotetsa njira, kulowera mbali imene lamulo la dzanja lamanzere la Fleming limakuuzani. Ikapeza mphamvu, imagwiritsa ntchito F = ma kupeza liwiro ndi malo atsopano, n'kubwerezanso. Kwa tinthu tothamanga pafupi ndi liwiro la kuwala imagwiritsa ntchito masamu a relativity ya Einstein, koma ganizo lake ndi lomweli.

Pamalo amene mukufuna kuona beam mumaikapo sikirini yongoyerekeza. Kanthu kakadutsapo, kompyuta imalemba x ndi y yake. Mndandanda wa manambala umenewo ndi umene umasanduka chithunzi.

Mapulogalamu enieni ochita zimenezi alipo angapo. MAD-X ya ku CERN imathandiza kukonza kasanjidwe ka maginito. Geant4 imatsanzira zimene zimachitika tinthu tikalowa m'chitsulo, m'madzi kapena m'thupi la munthu. G4beamline inamangidwa pamwamba pa Geant4 kuti kutsanzira njira ya beam kukhale kosavuta. SIMION imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa maelekitironi ndi ma ion oyenda pang'onopang'ono.

Pali chinsinsi china. Kagulu kamodzi ka mapulotoni mu LHC kamakhala ndi mapulotoni oposa mabiliyoni 100. Kompyuta wamba singathe kutsata onsewo. Ndiye akatswiri amatsata ochepa, mwina 100,000, ndipo kadontho kamodzi kamaimira mapulotoni enieni miliyoni imodzi. Sungani mfundo imeneyi, tiifunanso kutsogoloku.

Phiri la Gauss ndi sigma

Beam zambiri zikawerengedwa bwino zimatulutsa histogram yooneka ngati chulu: yotukuka pakati, yotsetsereka mofanana mbali zonse ziwiri. Maonekedwe amenewa amatchedwa Gaussian, potengera dzina la katswiri wa masamu wa ku Germany, Carl Friedrich Gauss. Chulu chimenechi chilibe malire odulidwa ngati m'mphepete mwa tebulo, chimangonka chichepa. Ndiye tingati beam ndi yonenepa bwanji pamene ilibe pothera?

Yankho ndi nambala yotchedwa sigma, yolembedwa σ, yomwe ku masamu mumaitcha standard deviation. Mukayeza sigma imodzi kumanzere ndi sigma imodzi kumanja kuchokera pakati, mkati mwakemo mumakhala pafupifupi 68 peresenti ya tinthu tonse. Mukayeza ma sigma awiri mbali iliyonse, ndi 95 peresenti. Ma sigma atatu, 99.7 peresenti.

Ena sagwiritsa ntchito sigma. Amapita pa theka la msinkhu wa chulu n'kuyeza kunenepa kwake pamenepo. Muyeso umenewu umalembedwa FWHM, ndipo pa Gaussian umakhala pafupifupi 2.35 kuchulukitsa ndi sigma. Choncho beam ya sigma ya mamilimita 2 ili ndi FWHM ya mamilimita 4.7. Beam ndi yomweyo, manambala awiri osiyana. Wina akakuuzani kuti beam yake ndi ya mamilimita 3, mufunseni kuti akunena muyeso uti.

Beam ikangosiyidwa imafufuma

Tinthu ta mu beam sitiyenda molunjika tonse ndendende. Kalikonse kamapatuka pang'ono. Kupatukaku kumayezedwa ndi milliradian, ndipo tanthauzo lake ndi losavuta: kanthu kopatuka milliradian imodzi kamasunthira kumbali milimita imodzi pa mita iliyonse imene kayenda.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tili ndi beam pamalo pamene yaning'a kwambiri, sigma yake mamilimita 3, ndipo kupatuka kwake kuli ndi sigma ya milliradian imodzi. Tiisiye iyende mamita 4 popanda maginito. Kupatuka kokhako kubweretsa mamilimita 4. Kodi tsopano sigma ndi 3 kuphatikiza 4, kukhala 7? Iyayi. Popeza pamalo oning'a paja malo oyambira a kanthu ndi kupatuka kwake sizidalirana, timaphatikiza ngati mmene amachitira Pythagoras: 9 kuphatikiza 16 ndi 25, ndipo square root yake ndi 5. Sigma yatsopano ndi mamilimita 5. Pa sikirini mudzaona chulu chitatambalala komanso chitafupika, chifukwa tinthu ndi tomweto, tangomwazikana.

Kukankhana kwa chaji kuja kuliponso ndithu, ndipo kumawonjezera kufufumaku, makamaka pa beam yoyenda pang'onopang'ono. Beam ikayandikira liwiro la kuwala, mphamvu ya maginito imene tinthuto timapanga tokha imakoka mkati n'kutsala pang'ono kufafaniza kukankhanako. Koma dziwani kuti pulogalamu imaonetsa zimenezi pokhapokha ngati zinalembedwamo. Yanga ija inalibe.

Pofuna kubweza beam kuti isamwazike, amagwiritsa ntchito maginito a mitu inayi otchedwa quadrupole. Khalidwe lawo n'lodabwitsa: akafinya beam kumanzere ndi kumanja, amaitambasula m'mwamba ndi pansi. Zili ngati kufinya mpira wa chikulunga ndi manja awiri, umatulukira mbali inayo. Ndiye amawasanja mosinthanasinthana, ena ofinya mu x, otsatira ofinya mu y, ndipo zonse pamodzi zimasunga beam yoning'a. Njira imeneyi inafalitsidwa mu 1952 ndi Courant, Livingston ndi Snyder. Pa chifukwa chimenechi, mukayang'ana profile pamalo osiyanasiyana, muona dzira loimirira, kenako bwalo, kenako dzira logona. Munthu woyang'ana histogram ya x yokha akhoza kusangalala kuti beam yaning'a, osadziwa kuti mu y yatsala pang'ono kukhudza paipi.

Mafunso asanu musanakhulupirire chithunzi

Loyamba: muli tinthu tingati? Chiwerengero chobwera mwamaere chimagwedezeka, ndipo kukula kwa kugwedezekako ndi pafupifupi square root ya chiwerengerocho. Kabokosi ka madontho 9 kamatha kusintha ndi 3, gawo limodzi mwa atatu. Ka madontho 100 kamasintha ndi 10, yomwe ndi 10 peresenti. Ka madontho 10,000 kamasintha ndi 100, yomwe ndi 1 peresenti yokha. Ine ndinagawa mapulotoni 200 m'timabokosi 40, kotero ngakhale timabokosi tapakati tinali ndi madontho ochepa. Kachigwa kaja kanali kugwedezeka chabe. Njira yoyesera ndi imene mnyamata uja anapempha: bwerezani ndi maere atsopano. Chenicheni chimakhala pomwepo, chabodza chimasamuka.

Lachiwiri: timabokosi ndi tatikulu bwanji? Tikachepetsetsa, histogram imaoneka ngati mano a sowo. Tikakulitsitsa, zonse zimamezedwa m'zipilala zitatu kapena zinayi, ndipo ngati beam inalidi ndi mapiri awiri, simungawaone. Yesani makulidwe angapo muone chimene sichikusintha.

Lachitatu: m'mbali mwa gilafu mwalembedwa chiyani? Mapulogalamu ambiri amatambasula chithunzi okha kuti chidzaze sikirini. Beam ya mamilimita 5 ndi ya mamilimita 50 zikhoza kuoneka zofanana. Komanso ngati x ndi y zili ndi masikelo osiyana, dzira limaoneka bwalo. Werengani manambala ndi mayunitsi musanayang'ane mitundu.

Lachinayi: mitundu yasanjidwa motani? Pa mtunda wa ma sigma atatu kuchokera pakati, msinkhu wa chulu cha Gauss umangotsala pafupifupi 1 peresenti ya nsonga yake. Pa sikelo wamba, malo amenewo amaoneka akuda bii ngati palibe kanthu. Mukasintha kupita ku sikelo ya logarithm, pomwe mtundu uliwonse umaimira kuchulukitsa ka 10, mumaona chifunga cha tinthu tozungulira beam. Chifungachi akatswiri amachitcha halo.

Lachisanu: beam ikuning'a kapena ikufufuma? Profile imodzi singakuuzeni. Beam ziwiri zikhoza kukhala ndi chithunzi chofanana pano, koma patsogolo mita imodzi ina n'kuning'a, ina n'kumwazika. N'chifukwa chake akatswiri amajambulanso gilafu ina, ya malo a kanthu ndi kupatuka kwake, yotchedwa phase space. Madontho ake amapanga dzira lopendekera. Ngati tinthu takumanja tikupatukira kumanjanso, beam ikufufuma. Ngati tikupatukira kumanzere, ikuning'a. Kukula kwa dzira limeneli kumatchedwa emittance, ndipo maginito abwino amangolitembenuza ndi kulitambasula, salichepetsa.

Bwanji kuvutika ndi zonsezi?

Tibwerere ku halo. Tanena kuti 99.7 peresenti ili mkati mwa ma sigma atatu. Zotsalazo, tikawerengetsa bwino, ndi 0.27 peresenti. Zikumveka zochepa, eti? Koma pa kagulu ka mapulotoni mabiliyoni 100, amenewo ndi mapulotoni mamiliyoni 270. Ndipo LHC inakonzedwa kuti izitenga timagulu 2,808 mu beam imodzi, yosunga mphamvu yokwana ma megajoule 362. Tengani fomula ya ½mv² muwerengere sitima yapamtunda ya matani 400 yothamanga makilomita 150 pa ola, mupeza nambala yoyandikira pamenepo.

Maginito akuluakulu a LHC amagwira ntchito atazizira mpaka 1.9 K, pafupifupi madigiri 271 pansi pa ziro. Kachigawo kochepa chabe ka beam kakawamenya, amatenthedwa n'kusiya kukhala superconductor, zomwe zimaimitsa makina. Choncho anaika zotchinga zolimba zotchedwa collimator pafupi ndi beam kuti zizimeza halo isanafike ku maginito. Malo oika zotchingazi amawasankha mothandizidwa ndi kompyuta. Tsono kumbukirani kadontho kaja koimira mapulotoni miliyoni imodzi: ngati pulogalamu yatsata tinthu tochepa, kunja kwenikweni kwa beam sikugwa kadontho n'kamodzi komwe, ndipo chithunzi chimaoneka choyera pamalo pomwe pali ngozi.

Kuchipatala nkhani yake ndi ya moyo. Mu 1946 Robert Wilson anapereka ganizo lochiza khansa ndi mapulotoni, chifukwa amataya mphamvu zawo zambiri kumapeto kwa ulendo wawo m'thupi, malo otchedwa Bragg peak. Akatswiri amakonza kuti mapeto amenewo agwere pa chotupa. Koma ngati beam ndi yonenepa kuposa mmene kompyuta inaonetsera, mnofu wabwino wa pambali umapsa nawo. N'chifukwa chake sadalira kompyuta yokha. Amayeza beam yeniyeni, mwina podutsitsa kawaya kopyapyala mkati mwake, mwina poika sikirini yowala ikamenyedwa, kenako amafananiza ndi chithunzi cha pulogalamu. Zikasiyana, wolakwa si beam.

Yesani nokha ndi mpunga

Simukufunika laputopu kuti muone zimene ndafotokozazi. Pezani nsalu, rula, choko, pepala ndi mpunga wosaphika wodzaza supuni zingapo. Yalani nsaluyo patebulo kuti mpunga usadumphire kutali, n'kujambulapo mizere yotalikirana sentimita imodzi. Pindani pepala likhale ngati fanulo ya kabowo kakang'ono, muligwire masentimita 20 pamwamba pa mzere wapakati.

Poyamba gwetsani timbewu 30 tokha. Werengani timene tagwera mu mzere uliwonse, jambulani histogram. Bwerezani katatu. Muona kuti magilafu atatuwo sakufanana, mwina ina ikhala ndi mapiri awiri ngati yanga ija. Kenako gwetsani timbewu 300, pang'onopang'ono kuti tisaunjikane. Gawanani ntchito yowerenga ndi anzanu. Chulu chiyamba kuoneka bwino. Pomaliza kwezani fanulo kufika masentimita 40 muone chimene chichitike pa kunenepa kwa chulucho. Mpunga ulibe chaji ndipo umagwa chifukwa cha gravity, choncho si beam yeniyeni. Chimene mukuphunzira apa ndi khalidwe la kuwerenga.

Amene muli ndi mwayi wa kompyuta, Excel ikhoza kuchita zomwezi. Lembani =NORM.INV(RAND(),0,3) m'kabokosi kamodzi, kokerani pansi mizere 200, ndipo mwapeza mapulotoni 200 a sigma ya mamilimita 3. Jambulani histogram, dinani F9 kuti maere asinthe, muone mapiri akusamuka. Kenako kokerani mpaka mizere 5,000 mufananize.

Nawa mafunso oti mubwere nawo ku kalabu sabata yamawa. Beam ili ndi sigma ya mamilimita 6 pamalo oning'a ndipo kupatuka kwake ndi ma milliradian 2. Sigma yake ikhala yotani ikayenda mamita 4? Kabokosi kena kali ndi madontho 25, koyandikana nako kali ndi 21; kodi mungatsimikize kuti pamenepo pali chigwa chenicheni? Ndipo beam ya FWHM ya mamilimita 9.4 ili ndi sigma yanji?

Sabata yotsatira manyazi aja ndinabwerera ku kalabu nditakweza mapulotoni kufika 100,000. Panatuluka chulu chimodzi chosalala, ndipo ngakhale tinadina kasanu, sichinasunthe. Mtsikana wa Fomu 4 uja anayang'anitsitsa sikirini, kenako anati, "Aphunzitsi, tasinthani mitunduyo tione ngati kunjaku kulidi kopanda kanthu." Tinasintha, ndipo timadontho tinali pomwepo.